A Zebedee ndi Ligi ya Mpando Umodzi

Ku Kawale kuno aliyense ankadziwa kuti a Zebedee Mwafongo ankayenda pansi ngati galimoto. Pochoka pakhomo ankayamba aliza injini ndi milomo, akafika pokwera n'kusintha giya, ndipo sankakhota pakona asanatulutse dzanja. Ngakhale m'tchalitchi, pa benchi ankakhala cholowa livesi. Koma chibadwire chawo chiwongolero cha galimoto yeniyeni sanachigwirepo.

Ankati ali mnyamata ku Joni ankasesa pabwalo lina, pomwe achinyamata ankapikisana ndi timagalimoto ta mpando umodzi. Ena ankakhulupirira, ena ankati anangoona chithunzi papepala lokulungira nyama. Kaya zoona zinali ziti, mvula itangosiya mu 1996 analengeza kuti ayambitsa ligi ya ana ya dziko lonse. Dziko lonselo linali Kawale, Biwi ndi ana awiri a ku Mchesi.

Timagalimoto take anakhoma okha ndi matabwa ndi matayala a mawilibala akufa. Injini inali chitunda chotsikira kumtsinje chija. Dalaivala aliyense ankavala poto kumutu, womangirira ndi kansalu kuchibwano, moti Loweruka lililonse amayi ankasowa pophikira ndiwo. Mai Kettie, ogulitsa mandasi pakona, anawafunsa kuti ndi galimoto yanji yopanda malo a mnzako, nanga kukagwa maliro idzanyamula ndani.

"Mayi, iyi si yamatola," anatero a Zebedee. "Iyi ndi yoti munthu aziopa yekha."

Ine ndinali mdani wamkulu wa ligiyo, ndipo sindibisa. Zaka ziwiri m'mbuyomo chikuku chinanditengera Wakisa, mwana wanga wamwamuna, n'kundisiyira Keziah yekha, wa zaka zisanu ndi zitatu. Ngakhale kokagula mchere sindinkamutuma. Akatsokomola kamodzi, ine nsalu m'chiuno, wa kuchipatala. Kumene ndinkamulola kupita yekha kunali kukwaya ya ana basi, Loweruka masana.

Tsiku lina ndikudutsa pashedi pa a Zebedee, ndinaona pachitseko maina olembedwa ndi choko. Sukulu ndinalekezera Fomu 2, koma kuwerenga dzina la mwana wanga sikufuna satifiketi. K. Malizani, nambala 2, mapointi 14. Kwaya ija inali imeneyi.

Ndinawalankhula zambiri zosayenera munthu wamkulu. Iwo anamvetsera injini ikulira pansipansi. Keziah analira mpaka ndinagonja, koma ndinaika lamulo langa: akwera pokhapokha ine nditagwira. Loweruka ndinamanga chitenje kumbuyo kwa kagalimotoko, ndipo mluzu utalira ndinatsika chitunda chonse ndikukoka, zidendene zikulima fumbi. Nkhuku ya Mai Kettie inatipitirira. A Zebedee analengeza kuti nambala 2 yalandidwa mapointi chifukwa chokhala ndi injini yachiwiri, ngakhale kuti injiniyo imakokera kumbuyo. Anthu anaseka mpaka kugwira m'mimba. Keziah sanandilankhule masiku atatu. Ankadya atayang'ana kukhoma.

Mpikisano wotsiriza unali mu Okutobala. Lachisanu lake madzulo ndinamva injini ikubwera, inakhota pampanda, inaima pakhonde, kenako n'kuzima. Aka kanali koyamba kuwamva a Zebedee ali chete. M'manja anali ndi ndodo yomangirira nsalu ya patebulo ya mabokosi akuda ndi oyera. Anati akusowa munthu wa maso akuthwa wogwetsa mbendera pothera mpikisano, ndipo m'Kawale monse palibe wopenyetsetsa kuposa ine, poti ndinkadziwa ngakhale mwana wa yani wayamba chimfine.

Ndinawauza kuti asandinyengerere ngati mwana. Ndinati iwo sadziwa kuika mwana m'manda.

"Amake Keziah, ndinaika atatu, ku Karonga." Anatero akuyang'ana mbendera ija. "Vuto lanu ndi poima. Mukaima pamwamba mumaona mwana akukuthawani. Kaimeni kumunsi, muzimuona akubwera."

Anaisiya mbenderayo pakhonde, analiza injini, n'kutuluka cha livesi mpaka anagunda ndowa yanga.

Mawa lake ndinaima kumunsi. Pamwamba panali timitu ta mapoto tisanu ndi tiwiri tikunyezimira padzuwa. Mluzu unalira. Poyamba ndinangoona fumbi, kenako poto wanga wa nyemba, kenako nkhope ya Keziah. Inkakula, inkakula, kukamwa kuli yasa. Ndinkayesa akukuwa ndi mantha. Ayi, ankaseka, kuseka kumene ndinali ndisanakumve chimwalirire mlongo wake. Mbendera ndinaiponya m'ngalande, ndinathamanga n'kukamunyamula kagalimotoko kasanaimitsitse.

Ndiye mpaka lero palibe akudziwa amene anapambana ligi ya 1996. A ku Biwi amati ndi wawo, a ku Mchesi amati ndi wawo. A Zebedee anaweruza kuti poti mbendera sinagwe mwalamulo, mpikisano udakali m'kati. Fanta ya wopambana anaikhutchumula okha n'kuwaza ana onse, Mai Kettie akuwakalipira kuti chakumwa chabwinobwino amwetsa dothi.

Ankakonza zoti chaka chotsatira aitane ndi a ku Chinsapo omwe. Koma mu Febuluwale chibayo chinawagwira, ndipo sabata sinathe. Pamaliro ana anakana kukwera lole. Anayenda pansi mpaka kumanda, mwakachetechete, pamzere umodzi.

Timagalimoto tija pano timanyamula zigubu za madzi. Mvula yakumba chigwembe pakati pa chitunda, ndipo Loweruka masana kumangomveka mawailesi ndi anthu okhoma malata. Maina aja pachitseko mvula inafufuta, ndipo shediyo anaitenga ogulitsa makala.

Chaka chino Keziah wayamba kupita yekha kusukulu, kuwoloka msewu waukulu wa maminibasi. Ndinamulola ndine. Mantha sanathe ayi. M'mawa akamatuluka ndimalowa m'nyumba msanga kuti ndisaone msana wake. Koma ikamakwana nthawi yowerukira, ndimasiya zochapa n'kukaima kumunsi kwa chitunda. Masiku ena amachedwa, mtima n'kuyamba kundiuza zoipa, ndipo m'Kawale monse mulibenso munthu woti abwere adzandiseketse mpaka ndichite manyazi ndi mantha angawo. Ndimangoima ndekha, maso kumtunda, mpaka kadontho kabuluu ka yunifolomu katulukire.