Tsiku lomwe ndinagwadira kamera

Sendera pafupi, mnzanga, mwana angadzuke. Apongozi ali pakhondepo, ndiye ndinong'ona. Zamanyazi izi, ukaulula tidana!

Paja ine ndimatunga mikanda ya m'khosi ndi zibangili. Abiti Amini, aja a sitolo pa Mitundu, anandiuza kuti, "Nambewe, Loweruka kubwera wojambula wa ku Nathenje. Ubweretse mikanda yako ajambule, chithunzicho tiike pawindo anthu aziona."

Ine kamera ndinali ndisanaionepo. Sukulu ndinalekera Sitandade 3, ndipo m'buku mwathu munalibe chinthu chotero.

Loweruka ndinachedwa, mwana anavuta. Ndinathamanga naye kumbuyo, mikanda m'manja. Abiti anali pa kauntala ndi anthu. "Zungulira kuseri, akukudikira!"

Ndangokhota pakona, mayo ine! Chinthu chakuda bii, chofunda nsalu, miyendo isanu, itatu yamitengo, iwiri yovala nsapato. Diso limodzi lokha, lili pa ine!

Mtima unati chilombo cha gule ichi. Ine mwana wa Mkhristu, kudambwe sindikudziwa, chikandigwira ndiyankha chiyani? Kuthawa ndi mwana kumsana sindikanatha. Ndinakumbuka zomwe amachita amayi a kwathu: umagwada, osayang'ana, n'kusupa. Ndinagwada pafumbi, mutu pansi. Choti ndisupe ndinalibe, ndiye ndinakweza mikanda yonse ndi manja awiri.

Chinalankhula, mawu ochokera m'kati mwa nsalu. "Eya, choncho! Kwezani pang'ono, mayi."

Ndinakweza.

"Musagwedezeke!"

Kugwedezeka? Ndi kupuma komwe ndinasiya!

"Pepani agogo," ndinatero, "tengani yonse, mwana yekhayu mundisiyire."

Ndinangomva kuti tha! Kenaka nsalu ija vundukule, mukutuluka bambo wadazi, thukuta kamukamu.

"Vere gudu! Zaka zonsezi sindinaone munthu wodekha chonchi. Koma mwati agogo ndani?"

Abiti anali atafika kale kumbuyo kwanga. Anaseka mpaka anakhala pa thumba la mchere. "Iwe Nambewe, patebulo apo ndayala nsalu yoyera yoti uikepo mikanda, ukugwadira bokosi?"

Ndinawapempha, misozi ili m'maso, kuti asauze munthu. Analumbira, koma akusekabe.

Chithunzi chinabwera patatha milungu iwiri. Mikanda inaoneka bwino zedi, umodziumodzi, ine ndili chogwada pansi pake. Amayi a pamsika ayamba kale kuifuna.

Dzulo apongozi anadzera pasitolo. Atabwera anandiitana, ine ndati basi amva.

"Mpongozi," anatero, "ndakuona pawindo. Ulemu wotere unkaubisa kuti? Kuyambira lero madzi akumwa uzindipatsa choncho."

Ndiye taona maondo angawa, mnzanga. Kuyambira m'mawa ndagwada kasanu.

Wamantha akagwada bwino, anthu amati analeredwa.