A Custódio ndi travau wa kutsogolo

Pa Chifunde pano aliyense akudziwa kuti malemu a Custódio sankayankha moni wa munthu wa pa mota asanafinye travau wake. Travau, kwa inu amene munakulira ku Malawi, ndiye buleki, ndipo mota ndiye njinga yamoto. Ukaima pa ofisina yawo yokonzera mota ija ya kuseri kwa msika n'kunena kuti "Mwadzuka bwanji, akulu?" iwo nkhope kumbali, dzanja lili kale pa kachitsulo ka kumanja kwa chiwongolero, finyu. Kakalimba ankati, "Ndadzuka." Kakangoti lende ngati khutu la mbuzi, tsiku lako latha. Ankayamba ndi iwe, n'kupita kwa amene anakugulitsa mota, n'kumalizira amene anakubereka. Ngakhale apadiri anawaimitsapo Lamulungu lina, misa mpaka kuchedwa.

Chimene chinkawapsetsa mtima n'chakuti anyamata onyamula anthu kuno ankamasula dala travau wa kutsogolo. Ati ndi wakupha, ukangomukhudza umawuluka. Ankadalira wa phazi yekha, ndipo zikavuta ankawonjezera mapatapata, kukwekwereza pansi mpaka fumbi kobo. Mfumu ya okwekwereza anali Lonjezani, amene pamwezi ankatha mapatapata awiri. Ndiye tsoka lake, mtsikana amene anamukonda anali Anabela, mwana wa mayi Rita ogulitsa matimati, mlongo wawo wa a Custódio. Bambo ake a mtsikana anavomera, mayi ake anavomera, koma mawu omaliza ndi a malume.

Ankhoswe a Lonjezani atapita, a Custódio sanadzuke n'komwe pansi pa mota imene ankakonza.

"Mnyamatayo ali ndi travau?"

"Ali ndi munda waukulu ku Mualadzi, ndi ng'ombe ziwiri."

"Sindinafunse za ng'ombe. Ng'ombe imaima yokha."

Lonjezani atamva, anafika pa ofisina, n'kuima ndi mapatapata monga mwa masiku onse, fumbi lonse m'maso mwa mkuluyo.

"Akulu, ine ndikufuna kukwatira Anabela, osati mota."

"Ndipo kutchalitchi udzapita naye pa chiyani? Pamutu?" A Custódio anafinya kachitsulo kaja, kali lende. "Taona. Ukufuna ndikupatse mwana wa mlongo wanga kuti ukamutaye mumtsinje. Bwezera chingwechi, uphunzire kuima, kenako ubwere tikambe. Ukalephera, kakwatire ng'ombe zako."

Lonjezani analumbira kuti sadzapondanso pamenepo. Mawa lake m'mawa anali pomwepo, chifukwa Anabela anamuuza kuti iye sangathawe malume ake chifukwa cha kachingwe.

Sukulu inayambira pa benchi la mayi Rita. A Custódio anatola tomato wakupsa n'kumuika m'dzanja la Lonjezani.

"Finya mpaka madzi atuluke, koma asaphulike."

Phwa. Nthangala mpaka pa malaya.

"Ndi mmene umagwirira travau. Umam'tsamwitsa, tayala n'kuuma, iwe n'kuwuluka, kenako ukuti wakupha. Wakupha ndi dzanja lakoli. Yamba pang'ono, umve kuti wagwira, ndiye uziwonjezera. Tenga wina."

Phwa.

Pa tomato wachisanu ndi chiwiri mayi Rita anavula chitenje cha pamwamba n'kuchimanga m'chiuno.

"Achimwene, mukakhudzanso tomato wanga ndinena."

"Unena chiyani?"

"Za mano anu."

A Custódio anangochokapo. Tsiku limenelo palibe mota imene anaifinya.

Apa m'pamene Lonjezani anamva nkhani imene achikulire okha ankaidziwa. Kalekale, nkhondo itangotha, a Custódio anali mwa oyamba kukhala ndi mota kuno. Tsiku lina, pofuna kudzionetsa kwa atsikana pamjigo, anathamanga n'kumenya travau wa kutsogolo kamodzi, pamchenga, chiwongolero chili chokhota. Mota inatsala, iwo anapitirira, mano awiri n'kutsala panjira. Chifukwa cha manyazi anadzuka n'kulalikira kuti olakwa si iwo, travau wa kutsogolo ndi wakupha, n'kumudula pamaso pa anthu. Boma lonse linamva. Ndiye zaka zonsezi munthu ankathamangitsa bodza lake lomwe, bodzalo lili patsogolo, iwo pambuyo ndi sipanala.

Lonjezani anaganiza kuti wapeza pogwira. Anapita monyada.

"Akulu, ndamva kuti amene anayambitsa ndinu."

"Ndine. Ndiye wamvera chitsiru chija cha zaka makumi awiri, ukukana nkhalamba imene yakonza mota zoposa tsitsi lako. Chitsiru chachikulu ndani? Kwera."

Anapita naye pamtsetse wotsikira kumtsinje, analemba mzere ndi phulusa, n'kumangirira thumba la chimanga kumbuyo kwa mota.

"Uyu ndi Anabela. Ukaime pamzerewo."

Anabela mwiniwake anali pomwepo. "Amalume, ine ndikufanana ndi thumba?"

"Thumba silindiyankha. Khala chete."

Lonjezani anatsika ndi mkwiyo wake wonse, n'kuponda wa phazi yekha. Tayala la kumbuyo linatsetsereka, mota n'kutembenuka kuyang'ana kumene yachokera, thumba uko, chimanga mbwee. A Custódio anavula chipewa, anagwada pa thumbalo n'kuyamba maliro.

"Mwana wa mlongo wanga ine, wapita usanadye za ukwati. Itanani akwaya."

Anthu amene ankachapa kumtsinje anaseka mpaka kugwetsa sopo m'madzi. Lonjezani anaponya kapaseti, chisoti chake cha pa mota, pansi n'kunena kuti nkhalamba iyi ikadzafa iye sadzapita kumaliro. A Custódio anati ndi bwino, anthu olira asadzagundidwe.

Zinatenga milungu itatu. Tsiku lililonse mawu ake omwewo, mokalipa, mpaka ana a sukulu anawaloweza. "Bweza moto kaye. Onse awiri, dzanja ndi phazi, ngati ukuwanyengerera. Mota iwongoke, usagwire uli pakati pokhota, uchepetseretu usanafike. Pamchenga dzanja lipepuke. Usayang'ane mbuzi, ukayang'ana mbuzi ugunda mbuzi, yang'ana podutsa. Wanyamula munthu, yamba msanga, walemera." Thumba lija linafa kasanu ndi kamodzi. Anabela anasiya kubwera, ati watopa kuona maliro ake.

Tsiku lomaliza a Custódio anamasula thumba, n'kukwera okha kumbuyo.

"Tiye. Ukandigwetsa, mano otsalawa ukawafotokozere mayi Rita."

Anatsika mtsetse. Lonjezani anabweza moto, zala zinayamba pang'ono, phazi likuthandiza, mota inagwada kutsogolo mwaulemu n'kuima. Mzere unali patsogolo, patatsala malo oti nkhuku n'kudutsa. Mapatapata sanakhudze pansi mpaka mota itaima. Lonjezani anatembenuka kudikira mawu abwino, ngakhale amodzi.

A Custódio anatsika, anakutumula thalauza. "Wandigwedeza msana. Auze ankhoswe ako abwere Loweruka."

"Basi?"

"Ukufuna ndikuvinire?"

Ukwati anaupangira pambuyo pokolola. A Custódio sanafike. Chifuwa chinawagwira mvula ili kumapeto, masiku asanu okha, n'kupita. Lonjezani, amene analumbira uja, ndi amene anasenza bokosi kutsogolo, ndipo njira yonse ankakalipira anzake kuti akutsika mtsetse mothamanga.

Pano kuseri kwa msika kuli zii. Mota zimadutsa mmene zifunira, ena ayambanso kumasula zingwe, ndipo ukawafunsa amati ngakhale a Custódio anagwa naye travau ameneyu. Zimapweteka kumva. Zonse zimene munthu anakuwa zaka zonsezi, anyamatawa anasungako bodza lokha.

Tsiku la ukwati Lonjezani ananyamula Anabela pa mota kuchokera kutchalitchi, diresi atalikwinyira pamiyendo. Atafika pafupi ndi ofisina, ngolo ya ng'ombe inatulukira mwadzidzidzi kuseri kwa mpanda, n'kudzaza njira yonse. Amayi amene ankaimba m'mbali anagwira kumutu. Mota inangogwada n'kuima, mowongoka, Anabela osagwedezeka ngakhale duwa la kumutu. Ngolo inadutsa.

Lonjezani sananyamuke. Anali kuyang'ana pa chitseko chotseka chija.

"Tiyeni, anthu akudikira," anatero Anabela. "Mwaima bwino."

"Ndikudziwa kuti ndaima bwino."

"Nanga nkhope yakwiyiranji?"

"Akanapezapo cholakwa," anatero Lonjezani, akupukuta m'maso ndi mkono wa jekete. "Ndikufuna ndimve kuti n'chiyani."