Sabata Yopumitsa Fani

Lolemba

Okutobala wafika. Malata akulira okha ndi dzuwa. Mita ya magetsi ikumeza mayunitsi ngati m'nyumba muli chigayo. Ndagamula: sabata ino fani ipume, nyumba tiiziziritsa ndi nzeru.

Zofunika:
udzu woyala pamwamba pa malata
matumba onyowa otchinga m'mawindo
mtsuko wa madzi akumwa
kuleza mtima kwa amake Taonga

Chomalizachi n'chosowa. Mkazi wangayu ali ndi pakati, mapazi atupa. Fani ndaikweza pamwamba pa kabati. Iwo angoti, "Chabwino. Tizaona."

Lachiwiri

Udzu wafika, mlamu watumiza kuchokera ku Bundabunda. Ndikukwera padenga dzuwa lili paliwombo. Mawondo apsa, zikhatho zapsa. Lata lina lalira "pho!" nditaliponda, sindikufufuza. Udzu ndaupsinja ndi miyala.

Ine ndikumva kusiyana. Amake Taonga agona pasimenti, chitenje chonyowa pamimba, sakumva kusiyana kulikonse.

Lachitatu

Tsiku la matumba. Ndawagula kumsika wa Chongwe, otsika mtengo zedi. Chifukwa chake chadziwika nditangowathira madzi: munali kapenta!

Nyumba yonse kapenta. Makatani kapenta. Malaya anga a kutchalitchi kapenta. Ntchentche zabwera ndi abale awo. Amphaka omwe sindinawaonepo akhala pakhonde, akundiyang'ana mwaulemu.

Komanso thumba likuuma ndisanamalize kunyowetsa linzake. Ndangokhalira njira ya kuchitsime. Madzi amene ndikutaya m'thupi aposa amene ndikutunga.

Lachinayi

Phokoso padenga ngati matalala. Ndikutuluka: mbuzi za Ba Njovu, aneba athu. Zakwerera pamulu wa njerwa kuseri kwa nyumba. Zikudya udzu modekha, imodzi yagona kumene.

Ba Njovu ali pampanda, manja kumbuyo: "Shani ba neba? Mwasegula hotela ya mbuzi? Mailo nizabweretsa na zina."

Ndagenda mwala. Mbuzi ndaiphonya, lata sindinaliphonye. M'chipinda tsopano mukulowa kadzuwa kowongoka, kolunjika papilo wanga.

Lachisanu

Kamvuluvulu wadutsa masana. Udzu wotsala wasamukira kwa Ba Njovu, mbuzi zisavutikenso kukwera. Mwala umodzi wagubuduka n'kugwera pamtsuko. Madzi ake anali ozizira ndithu, nthaka ingachitire umboni.

Amake Taonga abwera kuchokera kusikelo. "Ba nesi bakamba ati nizipumula pozizira. Nabauza ati bafunse imwe, ndimwe badokotala ba mphepo."

Mapazi aja akula, patapata sakulowanso. Ndawayang'ana nthawi yaitali.

Loweruka

Ndagonja. Ndikutsitsa fani, ndikuipukuta fumbi, ndikuiika pafupi ndi bedi, ndikudina batani.

Zii.

Magetsi anazima m'mawa, palibe akudziwa kuti ayaka liti. Amake Taonga ndikuwakupiza ndi chivundikiro cha poto. Andilola pang'ono, kenako adzuka n'kuyamba kulongedza chikwama. Akupita kwa mkulu wawo kuboma, nyumba ya siling'i ndi sola. Taonga wavala kale nsapato, sanauzidwe n'komwe.

Pakhomo atembenuka: "Mukasiliza masayansi yanu, munitumile foni."

Lamulungu

Magetsi ayaka. Mayunitsi atsala ambiri, sindinaonepo otere pakati pa mwezi. Palibe womuonetsa.

Kutchalitchi benchi yonse ndakhala ndekha, anthu akusendera okha. Titaweruka ndanyamula fani, ndakwera minibasi, fani pamiyendo. Kondakitala: "Ba bosi, iyaseni timveko!" Basi yonse kuseka. Ine ndikuyang'ana kunja.

Kuboma ndapeza amake Taonga atakhala pasofa, mapazi aphwa, akumwa madzi a mufiliji. Fani ailandira ndi manja awiri. Andifunsa ngati ndadya, andipatsa mpando, zonse mwaulemu ngati mlendo.

Ndafunsa kuti abwerera liti.

"Mvula ikayamba."

Potuluka ndayang'ana kumwamba. Kulibe ngakhale kamtambo.