Bwato la Hilario si Kachisi

Chilomo, m'mbali mwa Shire,
Okutobala, 1924.

Kwa Aphunzitsi Aakulu a za Chipembedzo ndi Makhalidwe Abwino pa Ntchito,
pa Yunivesite ya Kummwera,
amene kuno timawadziwa ndi dzina loti Bwana Ambulera.

Wolemekezeka Bwana,

Ndisanapereke moni, mundilole ndikonze bodza limene likuyenda padoko pano. Anthu akuti ine, Sebastiano Khembo, ndinagulitsa bwato la msodzi Hilario kwa mzungu. Ayi ndithu. Bwato lija munalibwereka, Bwana, masiku atatu okha, kuti mukaliyeze kutalika ndi kuya kwake, ndipo lonjezo lanulo linatulukira pakamwa panga, poti ndine ndinkakumasulirani. Lero yatha miyezi khumi ndi inayi. Bodza lina ndi loti ku yunivesite kwanuko munachita kundithamangitsa. Ilinso ayi. Ndinachoka ndekha m'chaka chachiwiri nditaona kuti mafunso anga akukudwalitsani mutu, ndipo ine ndine munthu wachifundo.

Tsopano moni. Kuno kwatentha monga munakusiyira, udzudzu nawo ukukufunsani.

Mnzanga Antonio, amene anapirira mpaka kumaliza maphunziro anu, wanditumizira kabuku kamene mumaphunzitsira, kokhala ndi zonse munapeza kwathu kuno. Ndawawerengera asodzi onse padoko, ndipo andituma kuti ndikuthokozeni. Kalata ino nayonso ndawawerengera, ina yonga iyi ndaikhoma pa mtengo wa pasiteshoni.

Choyamba, tikuthokoza chifukwa cha ambulera. Kasanu konse munaisiya dala, pena padoko, pena m'njira ya kudimba, kuti muone ngati anthu a m'dambo ali ndi chikumbumtima. Kasanu konse inabwerera m'manja mwanu. Ulendo wachisanu, Hilario anapalasa kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, kulimbana ndi madzi, kukupezani kumene munamanga hema. Pobwerako anandifunsa kuti, "Achimwene, mzungu wanuyu mutu wake uli bwinobwino? Bwanji tingomumangirira ambulerayi pamkono?" Tsopano kabuku kanu katiuza kuti sitinkabweza chifukwa cha kukhulupirika, koma chifukwa choopa mzimu wokhala m'katundu wa mlendo. Takhuta, monga anenera anzathu Asena pothokoza. Ife sitinkadziwa kuti tili ndi mantha. Tinkayesa kuti tikumvera chisoni dazi lanu pa dzuwa la kuchigwa kuno.

Chachiwiri, tikuthokoza kuti munatipezera wansembe. M'mawa uliwonse munkaona Hilario atagwada m'bwato, mutu uli pansi, akukanikiza kanthu m'thabwa uku akung'ung'udza. Inu munalemba kuti akupereka nsembe kwa mizimu ya m'madzi. Ndinakuuzani pomwepo kuti bwatolo linagundidwa ndi mvuu, lili ndi mng'alu, ndipo akumata ndi nsanza ndi phula. Mawu amene ankanenawo ndinakumasulirani onse osasiyako: ankatukwana mvuuyo, mayi ake a mvuuyo, ndi mtundu wake wonse. Munandiyankha mwachifundo kuti sukulu ya mishoni inandichititsa manyazi ndi chipembedzo cha makolo anga, ndiponso kuti munthu wophunzira theka amadziwa theka la choonadi. Ndikuvomera, Bwana. Theka langalo limangodziwa kuti bwato likuchucha. Kachisi weniweni aliko kuno, ndipo akuluakulu anali okonzeka kukulandirani mutadikira masiku awiri ndi kuvula nsapato. Munati nthawi mulibe. Koma yoonerera munthu akumata bwato munali nayo, milungu itatu.

Chachitatu ndi chithunzi cha pa tsamba lomaliza. Bwato lija taliona litakwezedwa pa nsanja m'chipinda chachikulu, lotchingidwa ndi chingwe, pansi pake palembedwa kuti "Kachisi Woyandama wa Amang'anja." Hilario ndi Msena, ndiponso mkhristu amene amasokoneza nyimbo m'tchalitchi Lamulungu lililonse, koma izo ndi zazing'ono. Antonio akuti ophunzira amavula zipewa akamadutsa pamenepo. Hilario ataona chithunzicho anaseka mpaka misozi. "Bwato langa! Taonani mwadiya wanga, amupaka mafuta! Ine zaka khumi sindinamupakepo. Nanga nsanza zanga asiya momwemo?" Asiya momwemo, ndipo nazonso zili ndi kapepala kake kakuti "nsembe." Mkazi wake, Esinala, akuti nsanzazo anang'amba ku nsalu yake yakale, ndipo akadadziwa kuti zidzafika ku yunivesite akadayamba wazichapa. Ine ndinalephera kukhala kumeneko zaka zitatu. Nsanza za Esinala zikuoneka kuti zimaliza.

Chachinayi sichili m'kabuku kanu, choncho ndikupatsani ulere kuti mukawonjezere. Hilario ali pa chikamwini. Anasiya kwawo n'kudzamanga pamudzi pa akazi ake, monga mwa mwambo wa kuno, ndipo chimene anabwera nacho ndi bwato ndi mikono iwiri. Nthawi imene ankabwera ndi milamba ndi mphende tsiku ndi tsiku, apongozi ake, mayi Dorika, ankamutcha mwana wawo. Lero amupatsa khasu ndi munda wa thonje, ndipo munthu wa nkhafi akagwira khasu, ngakhale mbuzi zimaima kumuyang'ana. Mwambo sulola apongozi kukalipira mkamwini maso ndi maso, choncho mayi Dorika amauza nkhuku. M'mawa uliwonse, Hilario ali pakhonde, amamwaza gaga uku akufuula kuti, "Idyani, ana anga, inu bola mumaikira mazira! Ena pano amangodikira azungu!" Sabata yatha nkhuku zinauzidwa chigamulo: mvula yoyamba ikagwa, madzi n'kukwera m'dambo, bwato kulibe, mlendo apinde mphasa yake abwerere kwawo. Ana awiri atsala, poti kuno ana ndi a kuchikazi. Mwina mukuti aseme lina. Mitengo ikuluikulu ya mitondo ya m'mbali mwa mtsinje inathera m'ng'anjo za sitima za pamadzi. Yotsala ili kumapiri, ndipo kugwetsa, kusema ndi kukoka bwato kufikitsa kuno si ntchito ya mwezi umodzi. Mitambo yayamba kale kusonkhana cha ku Thyolo.

Mutu wachisanu ndi chiwiri wa kabuku kanu ndi umene wakondweretsa anthu kwambiri. Mumaphunzitsa alembi, anamwino ndi aphunzitsi a mawa kuti munthu waulemu pa ntchito yake amasunga mawu ake, sagwiritsa ntchito udindo wake polanda wofooka, ndipo chobwereka amabweza pa tsiku lake. Asodzi anandipempha kuti ndibwereze kawiri. Mmodzi anafunsa ngati wolemba mutu umenewu ndi wolemba mitu inayo anakumanapo. Ndinamuyankha kuti yunivesite ndi yaikulu, zipinda zake n'zambiri.

Ndiye pempho langa, Bwana, ndi la munthu wamng'ono wosamaliza sukulu. Sindikupempha kuti musinthe ngakhale chilembo chimodzi m'kabuku kanu. Lipitirizeni kulitcha kachisi, nafenso tizilitcha choncho ngati mukufuna, ndipo nsanza mukhoza kutsala nazo, Esinala ali nazo zina. Tikungopempha kuti mutibwereke kachisi wanuyo tikaphere nsomba. Njira mukuidziwa, ndi yomwe ija anapitira: pa nyanja mpaka ku Beira, kenako pa njanji, ndipo tidzamulandira pasiteshoni ya Chilomo titavula zipewa. Mukatibwereka, tikulonjeza kuti ndi masiku atatu okha, owerengedwa monga mmene mumawerengera kwanuko.

Ndine wanu wodzichepetsa kufikira pamene ndingathere,
wophunzira wanu wa theka,

Sebastiano Khembo.

Mawu owonjezera: Tsiku limene munkakweza bwato pa ngolo ya sitima munaiwaladi ambulera yanu padoko. Hilario waisunga kudenga miyezi yonseyi kuopa chiswe. Waikulunga m'kamphasa, ndipo yakwera sitima ya Lachiwiri pamodzi ndi kalata ino.