Nyimbo ya Akamwini Yosadziwa Kutha

Lolemba
Mwana wanga Esinati wabwera ndi foni. Akuti amuna ake, aphunzitsi aja, apeka nyimbo ya pa piyano. Ya ineyo. Yothokoza kuti ndinalera ana ndi dengu la tiyi kumsana. Lamulungu lino akaiyimba kutchalitchi, ine nditaimirira kutsogolo. Koma akufuna maganizo anga kaye, ati ndisabise kanthu.
Ndamvera. Mawu mulibe. Ndafunsa kuti woyimba ayamba nthawi yanji. Esinati akuti, "Ndi momwemo amayi."
Chabwino. Maganizo afuna okha, ndiwapatsa.

Lachiwiri
Ndikumveranso uku ndikusenda chinangwa. Zomwe ndapeza:
Koyambirira nkwabwino, sindinama. Ngati chiperoni pa malata. Ndakumbuka mmamawa tikulowa m'munda, masamba ali onyowa, zala zitauma ndi kuzizira.
Pakati pasochera. Dzanja lina likupita ku Makwasa, lina ku Kapichi.
Kumapeto ndiye kuli mlandu. Nyimbo ikuima. Ukuti yatha. Ikuyambanso. Ikuimanso. Ikuyambanso, ngati mlendo wotsanzika ali chikhalire.
Anthu akwathu ndimawadziwa. Ikangoima aomba m'manja, mwana wa eni achita manyazi, ndipo manyaziwo adzafikira pakhomo pano. Adule pakati. Ithe kamodzi.
Koma ndiwauza bwanji? Mkamwini ndi mpongozi sitiyang'anizana. Chikwatirireni mwana wanga sitinalankhulanepo maso ndi maso.

Lachitatu
Ndatuma Esinati. Ndamubwerezera bwinobwino ngati mwana wotumidwa kugolosale.
Madzulo wabwera ndi shuga ndi sopo, akuti aphunzitsi athokoza kwambiri. Ndamufunsa kuti wakanena chiyani.
"Ndawauza kuti mwakumbuka kale mpaka misozi."
Misozi yake iti? Unali utsi.
"Zinazo amayi, mukufuna banja langa lithe?"
Shugayo ndalandira. Nkhani siinathe.

Lachinayi
Za m'banja zimadzera kwa ankhoswe. Ndapita kwa achimwene, foni ya Esinati ili m'chitenje. Ndawaikira pakhutu labwino lija. Agona isanafike ndi pakati pomwe.
Atadzuka akuti, "Mlongo, unkhoswe wanga ndi wa ndewu ndi matenda. Akamenyana mundiitane."
Kenako afunsa ngati shuga uja watsalako. Wawauza ndani?

Lachisanu
Ndiyesa ndekha. Aphunzitsi akaweruka kusukulu amadutsa kanjira ka m'tiyi. Ndakhala pa chitsa kuwadikira, nkhope nditalozetsa kumbali monga mwa mwambo.
Atangondiona chapatali, apatuka. Alowa m'munda ndi taye yomwe, tiyi mpaka m'chiuno, akupalasa ngati akuwoloka mtsinje. Ndakuwa kuti, "Za nyimbo ija!" Agwada m'tiyi momwemo, kungotsala mutu, aomba m'manja mwaulemu, ulendo.
Ndinkadandaula kuti akamwini a masiku ano alibe mwambo. Wangayu ali nawo wosefukira.

Loweruka
Akuyeserera m'nyumba mwawo pa kiyibodi yobwereka kutchalitchi. Nzeru yabwera. Ndamangirira mbuzi pansi pa windo lawo, ndikuilangiza mokweza:
"Iwe mbuzi, kulira kwako koyamba nkwabwino. Koma pakati osazungulira. Ndipo ukati wamaliza, maliza."
Kiyibodi yaima. Ndati eya, zalowa.
Watuluka Esinati. Akuti aphunzitsi akupepesa, phokoso lawo likusokoneza apongozi ndi chiweto chawo, akayeserera kutchalitchi. Ndawaona akuzemba kuseri, kiyibodi pamutu.
Chatsala n'chiyani? Kupaka mankhwala m'mawondo, kukonzekera kuimirira mawa.

Lamulungu
Ndaima kutsogolo, chitenje chatsopano, maso kukhoma.
Koyambirira tchalitchi chili zii. Mnzanga wina amene tinkatchola naye tiyi akupukuta m'maso. Pakati ana ayamba kutuluka mmodzimmodzi, wina wa kwaya akuyasamula osatseka pakamwa.
Kenako yaima. M'manja, nthungululu, abusa anyamuka ndi pepala lawo: "Tithokoze aphunzitsi. Tsopano zolengeza."
Ndaba diso. Mkamwini wanga zala zili m'malere pamwamba pa kiyibodi, mutu pansi, ngati mwana wolandidwa mbale asanakhute.
Pakamwa panga patseguka pokha. "Abusa, takhalani pansi. Siinathe."
Akhala. Yayambanso. Itaimanso ndakweza dzanja, palibe wayerekeza kutsokomola. Ndaimirira mpaka kumapeto kwenikweni, popeza m'tchalitchi monsemo wodziwa pothera pake ndinali ndekha.
Pano mudzi wonse ukuti nyimboyo ndimaikonda moti ndakalipira abusa pamaso pa mpingo. Amayi a chigwirizano akufuna iyimbidwenso pa msonkhano wawo, yonse, ine nditaima pomwe paja.
Mawondo atupa. Basi, ndi nyimbo yanga.