Vinyo Woyera wa Mkamwini

Lolemba

Kutentha kwa chaka chino n'kwa nkhanza. Nyenje zikuyamba kulira munthu usanasukusule n'komwe.

Ndaganiza. Lamulungu tikatuluka ku Misa ndiitana alamu anga a Chisale kudzadya. Iwo ndiwo mwini mbumba, mlongo wake wa malemu mkazi wanga Nachisale. Papita chaka chimwalirireni mayi wa ana anga, ndipo mudzi wayamba kundiyang'ana ngati mbale yobwereka imene yakhalitsa. Ndine mkamwini. Kwathu ndi ku Chiuta, koma ndinachokako tsitsi lili lakuda bii. Tinabereka anyamata okhaokha awiri, nawonso ndi akamwini kwa eni. Mwana wamkazi wondigwira mwendo pano palibe.

Ndikufuna chinthu chimodzi basi: asandisudzule. Ndikhale pompano, m'nyumba imene njerwa zake ndinaumba ndekha, pafupi ndi pamene anagona Nachisale.

Kupempha ndi pakamwa pouma sindingathe. Ukaipa dziwa nyimbo, ndipo nyimbo yanga ine ndi thebulo. Unyamata wanga wonse ndinkaperekera zakudya pa loji ina m'mbali mwa Shire ku Liwonde. Azungu kumeneko ali ndi chakudya chotchedwa bulanchi. Kadzutsa si kadzutsa, nkhomaliro si nkhomaliro, amadya dzuwa litakwera, ndi vinyo wopepuka wozizira. Chimafewetsa mtima. Ndinaonapo mzungu ndi mkazi wake akulowa osayankhulana, potuluka atagwirana manja.

Dongosolo lake:
- nsomba: makumba aawisi, owotcha pamakala, kufinyira ndimu: vinyo woyera wowawasa pang'ono
- nkhuku, tsabola wa patalipatali: vinyo wofiirira, uja wa mtundu wa mkati mwa gwafa
- papaya: vinyo wotsekemera
- anthu anayi okha! Alamu, akazi awo, a Rozina mng'ono wake wa Nachisale, ndi ine

Pa papaya m'pamene ndidzatsegule pakamwa.

Lachiwiri

Vinyo wafika! Mayi wina wa geni amene amakwera sitima ya ku Nayuchi wandibweretsera wa ku Mozambiki. Woyera ulipo. Wofiirira ulipo. Wotsekemera palibe, m'malo mwake wanditula chigubu cha vinyo wakuda, wolemera, woti ng'ombe itamwa igona pamsewu.

Akuti, "Vinyo ndi vinyo, bambo. Uyu ndiye amamveka m'mawondo."

Papaya adzayenda yekha, palibe kanthu.

Ndikutsegula kabati kufuna matambula a mwendo umodzi amene anandipatsa kuloji popuma ntchito. Atsala atatu. M'limodzi mwadzaza mabatani, singano ndi ulusi wa Nachisale. Singano ina ili ndi ulusi wobiriwira kale, anali atayamba kusoka china chake. Ndalibwezera momwemo. Sindingakhuthule. Ndakhala pansi nthawi yaitali, mtima ukundipweteka ngati maliro ndi adzulo.

Ine ndi a Rozina tidzamwera m'makapu a tiyi.

Madzulo ndikupita kwa alamu. Ndikuti, "Alamu, Lamulungu ndakonza kachakumwa pang'ono. Mubwere tidzacheze."

Akuvula chipewa. "Mwaganiza bwino, alamu. Mwaganiza ngati munthu wamkulu."

Chikhalire changa pamudzi pano a Chisale sanandivulirepo chipewa. Vinyo wayamba ntchito asanatsegulidwe!

Lachitatu

Vinyo wopepuka akatentha ndi madzi otsukira mbale. Afunika kuzizira, apo ayi bola osayamba.

Kugolosale ya pamsika firiji ilipo, magetsi kulibe. Mwini wake ndi Msilamu. Akuti, "Iyayi, madala. Ngakhale atayaka, mowa mufiriji yanga sulowa." Sindimudandaula, nyumba ndi yake.

Nzeru yabwera: mchenga wa mu Rivirivi. Mtsinje waphwa, koma ukakumba pansi pali ponyowa ndi pozizira. Ndikukulunga mabotolo awiri m'chiguduli, khasu paphewa, ulendo. Ndikusankha pansi pa mtengo wa mkuyu, kutali ndi njira.

Kutali ndi njira kwake kuti? Nditawerama chonchi ndikumva zidebe. Amayi a m'mudzi abwera kudzafukula madzi, onse ali chilili kuyang'ana nkhalamba ikukwirira mabotolo.

Wina akunong'ona mokweza, "Ndi zoona eti. Mowa wake ndi umenewo."

Wina akuti, "Ayi koma bambo amenewa anali abwino."

Anali? Ndili pompano, ndagwira khasu!

Lachinayi

Che Bwanali afika panjinga kuchokera ku Chiuta. Tinakulira limodzi, masiku ano amagulitsa nsomba. Ndinawatumizira mawu kuti makumba aawisi. Akumasula dengu: makumba owamba, akuda ndi utsi, ouma gwa.

"Ndi dzuwa ili aawisi akanafika akuyenda okha, achimwene."

Akunena zoona. Koma nsomba ya utsi imapondereza vinyo woyera, sumvanso kanthu mkamwa. Ndikuwafotokozera zimenezi. Akundiyang'ana ngati ndadwala malungo.

Ponyamuka akuti, "Kumudzi amva. Achemwali anu ayamba kale kuzira kanyumba ka malemu amalume anu." Amva chiyani? Ndisanafunse apalasa njinga.

Zowonongeka za lero:
- nsomba
- botolo lofiirira (ng'ombe zatsikira pa mkuyu paja kukafuna mthunzi, imodzi yaponda, mchenga wamwa)
- nkhuku yanga ya Lamulungu yayamba kufungatira, ikundijompha ndikaiyandikira

Botolo loyera lapulumuka. Ndalisunthira patsogolo pang'ono n'kuikapo minga.

Kwa a Rozina akusinja chimera. Ndikufunsa kuti thobwa ndi la chiyani. Akuti, "La Lamulungu. Si onse amamwa zanu zija." Onse ake ati? Ndinaitana anthu atatu.

Lachisanu

Ndine chitsiru. Chitsiru chovala tayi.

A Rozina abwera m'mawa, akhala pakhonde, akupotokola nsonga ya chitenje. Akuti, "Alamu, makasu mutenga onse? Nanga mbuzi zija, ziwiri n'za malemu." Ndikuti nditenge kupita nazo kuti? Akulira. "Musativute mtima. Mwaitana nokha mwini mbumba ku mowa, chaka chitakwana. Ife tamva."

Mwambowu ndikuudziwa. Mkamwini wofedwa akakonza mowa n'kuitana mwini mbumba, ndiye kuti akutsanzika, akupempha kuti amusudzule azipita kwawo. Ndakhalapo pa miyambo yotere kangapo, ndamwa nawo, ndaombera nawo m'manja. Koma mowa wake umakhala wamasese, m'mbiya, chikho chikuzungulira. Sizinandifike m'mutu kuti botolo la khosi lalitali nalo ndi mowa. Kuloji vinyo tinkamuona ngati mnzake wa ndiwo.

Ndikuyesa kufotokoza za bulanchi. A Rozina akupukuta misozi. "Kadzutsa wa masana? Ameneyo ndi kadzutsa wa alesi, alamu. Inu musadandaule za chakudya, amayi tagawana kale ntchito."

Mndandanda watsopano, wosalemba ine:
- mbuzi
- mpunga
- thobwa migolo iwiri
- mudzi wonse, ndi a kwaya omwe

Walira mvula walira matope. Koma ine sindinalire mvula, ndinangopempha kamthunzi.

Mawa ndipita kwa alamu ndikanene poyera. Ndine munthu wamkulu, pakamwa ndili napo.

Loweruka

Ndavala malaya oyera. Njira yonse ndikubwereza mawu: Alamu, pali kusamvana. Alamu, ine sindikufuna kuchoka.

Ndikuwapeza akusenda mbuzi. Akusamba m'manja, akundigwira dzanja ndi manja awiri.

"Alamu, mwatichotsa manyazi. Akamwini ena timachita kuwakankha, mpaka milandu. Inu mwatipatsa ulemu. Mwana wa Rozina akukwatiwa mvula ikagwa, alibe nyumba, ndipo ife tinkasowa poyambira kukuuzani. Usiku sindinkagona. Mulungu akudalitseni."

Maso awo ali ndi misozi yeniyeni. Samandida munthuyu. Akungofuna nyumba.

Ndiye nkhani inali itapsa kale, ine ndangobweretsa mbale. Ngakhale vinyo akanazizira bwanji, ngakhale nsomba zikanakhala zaziwisi, yankho likanakhala lomweli, kungoti akanalinena akuyang'ana pansi.

Ndikutsegula pakamwa. Chotuluka: "Mbuziyi ndi yonona."

Zaka zonsezi sindinawatsutsepo a Chisale, lilime silidziwa njira yake.

Pobwerera ndikudzera njira ya kumanda. Munthu salowa yekha kumeneko, ndiye ndikuima m'mphepete, pamene mitengo yayambira. Mtanda wake ukuoneka pang'ono. Ndikumuuza kuti Nachisale, ndalakwitsa, ndadzithamangitsa ndekha ndi botolo. Akanakhalapo akanaseka mpaka kugwira nthiti, kenako akanapita kwa mlongo wake kukakonza zonse ndi mawu awiri. Ine ndinkadziwa matambula, iye ankadziwa anthu. Ndamusowa kwambiri.

Kunyumba ndikupeza achemwali anga afika kuchokera ku Chiuta ndi matumba opanda kanthu, oti tilongezemo. Akalamba. Poyamba sindinawazindikire.

Lamulungu

Bulanchi yachitika, ngati tingaitche choncho. Anthu adzaza bwalo mpaka kukhola. Nsalu yoyera ya pathebulo aiyala pansi, pakhala ana.

Botolo loyera ndalifukula m'mawa Misa isanayambe, lozizira bwino ngati mwala wa m'madzi. Koma zoyankhula zatenga nthawi. A kwathu ayankhula, a kuno ayankha, a kwaya aimba. Pofika potsegula latentha ngati tiyi.

Ndikuthirira alamu m'tambula, dzanja lina kumbuyo, monga ndinkachitira kuloji. Akulawa. Akukwinya nkhope.

"Sunapse mowawu, alamu. Mukanaudikira masiku awiri."

Chigubu chakuda chija ndiye chatchuka. Chatha msangamsanga, ndipo ndivomere, ndi makumba owamba chikugwirizana ndithu. Papaya adya ana.

Kenako a Chisale aimirira. Anena kuti ndinasunga mlongo wawo bwino, sindinamutukwanepo, ndinamudwazika mpaka tsiku lomaliza. Anena kuti kuyambira lero ndine womasuka, ndikhoza kupita kwathu, ndikhoza kukwatira, palibe adzanditsate. Amayi alulutira. Ine ndawomba m'manja, poti ndi mmene amachitira.

Galimoto ya nsomba yobwerera ku Chiuta idzatitenga mawa pamsika. Matumba adzaza atatu. Moyo wonse wa munthu, matumba atatu ndi khasu.

Sindinalire pa zoyankhula zonsezo. Chandigwetsa ndi beseni. Nthawi ya chakudya a Rozina abwera ndi madzi osamba m'manja, adutsa a Chisale, adutsa akuluakulu onse, adzagwada pamaso panga. Zaka zonsezi ndakhala ndikusamba kumapeto, madzi atada, monga munthu wapakhomo. Lero ndasamba oyera, woyamba.

Pamudzi pano madzi amayambira kwa mlendo.