Kapaipi Kanga Kolira Kukhichini

Wotsutsa atsutsiretu ndisanayambe, ba Chanda, chifukwa ndikayamba simupeza polowetsa mawu. Mu komboni ya Kanyama muno mulibe munthu wodziwa moto kuposa ine Kamanga, amene ndawotcherera mageti kuyambira mutu uno uli ndi tsitsi, ndipo zija amanena anthu zoti girayinda inandigonthetsa makutu ndi kaduka chabe. Ine ndimamva nyerere ikutsokomola ku Matero.

Nkhani inayamba ndi fodya. Ndinkatsokomola mpaka malata kugwedezeka, ndiye mkazi wanga, bana Chisomo, anatulutsa chikwama chawo n'kuchiika pakhomo. "Bashi Chisomo, nikamvela futi fungo ya utsi muno, nibwelela kwatu ku Kasama. Sinizankala pano kuyembekeza malilo yanu." Mukumva? Ndinachita mantha, sindibisa, pakuti mayi amenewa akanena, anena.

Mwana wathu Chisomo ndiye anandibweretsera kapaipi kachitsulo kuchokera ku Joni, kotalika ngati chala, kokhala ndi kachipewa kumapeto. Umathiramo fodya wouma osamupanikiza, umavundikira, kenako umatenthetsa kachipewako ndi layita ya gasi uku ukukazungulitsa. Fodya sayaka ayi, amangotulutsa nthunzi, monga mmene umakazingira mtedza osaupsereza. Kakatentha mokwanira kamalira, ndipo pompo uchotse moto. Ukachedwa pang'ono pokha, fodya wayaka, utsi watuluka, mkazi wapita.

Manje tamvani zimene manja awa anachita chaka chija madzi anasefukira. Ndinaima pakhomo madzi akundilekeza m'khosi, dzanja ili layita, dzanja ili kapaipi, ndikukazungulitsa mwaliwiro moti mphepo yake inakankha madzi onse kubwerera m'ngalande, achule anauluka mpaka kukagwera ku Chawama, minibasi imene inatitimira pamsika inatsetsereka yokha n'kukafika m'tauni kondakitala asanatseke chitseko, koma ine lawi ndinaligwira pansonga penipeni, osalola kuti linyambite malo amodzi kawiri, ndipo fodya anatuluka wofiirira bwinobwino, wopanda ndi kadontho komwe kakuda. Mukumva? Nthunzi yake inali yopyapyala moti inadutsa khoma la njerwa osaliboola, inakafika ku Chunga kumene zinyalala zimafuka chaka chonse, ndipo utsi wa kumeneko utaiona unachita manyazi n'kubwerera pansi. Ndikulumbira pali agogo anga amene anabwera wapansi kuchokera ku Dedza. Masamba amene ndinakhuthula tsiku limenelo anagwera pamatope n'kumeranso.

Koma nzeru yonse ili pa kulira kuja. Tumapaipi ta anthu ena timangoti tiki, ngati munthu akuswa nsabwe. Kanga kamalira kuti ngwee, ngati chivundikiro cha poto chagwa pasimenti, ndipo chodabwitsa n'chakuti kapaipi kamakhala m'manja mwanga pakhonde, koma kulirako kumachokera kukhichini. Imeneyo ndiye sayansi, ba Chanda, simungaimvetse inu ogulitsa malasha. Tsiku lina kanachita kulankhula ndithu, mawu achizimayi, Chibemba chili m'kamwa: "Chosaniko mulilo, imwe!" Ndinachotsa, fodya ali bwinobwino.

Kamodzi kokha kanakana kulira, tsiku limene bana Chisomo anapita kumaliro ku Mandevu. Ndinazungulitsa, ndinazungulitsa, kali zii, mpaka kachipewa kanafiira, ndipo nditakoka chinatuluka chiutsi chakuda chowawa chimene chinapsereza ndevu zanga mbali imodzi, chinagwetsa mphemvu padenga, nkhuku za aneba n'kuyamba kuikira mazira owiritsa kale. Ndinatsegula mawindo, ndinakupiza ndi chitenje, ndinakazinga tinsomba ta kapenta dala kuti fungo libisike, koma maso anali pachikwama chija. Bana Chisomo atalowa ananunkhiza, anayang'ana ndevu zanga, anayang'ana chikwama, anandiyang'ananso ine nthawi yaitali. "Ngati ine sinilipo panyumba, musakagwileko," anatero, ndipo chikwama anachikankhira kunsi kwa bedi. Mwaona? Ngakhale iwo akudziwa kuti chitsulo chimenechi chimawasowa akachoka.

Mukuseka chiyani? Imani ndikuonetseni pompano, muone ndi maso anu. Bana Chisomo, muli m'nyumba? Alimo, zenera n'lotsegula. Onani lawi, onani zala mmene zikuyendera. Mukuti bwanji, ba Chanda? Kwezani mawu, mumalankhulira m'mimba inu. Kalira kale? Bodza limenelo, kakanalira ndikanamva ine woyamba. Dikirani.

Ngwee!

Mwamva? Kuchokera kukhichini, monga ndinanenera. Ndipezereni munthu wina mu Lusaka yense muno amene ali ndi kapaipi kotere.